Phewa la Madzulo

Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, 8:40 m'mawa, a Tomie Kuwabara ankapezeka atakhala tsonga pakabedi ka m'chipinda cha mafizo, kudikira nambala imene ankadana nayo. A Hoshina, amene ankawachititsa mafizowo, ankagunditsa paphewa lawo lakumanja kalula kopinda pakati, n'kuwauza kuti akweze mkono kutsogolo mpaka uime wokha.

"Waima pamenepo, mayi Kuwabara?"

"Sunaime ayi. Ukupuma."

"Madigiri 100," anatero a Hoshina akulemba.

"Mlungu wathanso munati 100. Kodi pakalula kanuko manambala enawo anafufutika?"

A Hoshina anangomwetulira. Anali atazolowera kulalatiridwa ndi anthu amsinkhu wa amayi awo.

Phewalo linayamba kuuma mu Ogasiti, popanda kugwa kapena kunyamula cholemera. Kwa munthu wina likanangokhala vuto la povula juzi basi. Koma a Tomie anali atatha zaka 41 akuveka anthu kimono, chovala chachikhalidwe chofika kumapazi, pasaluni ya a Oguri, ndipo Januwale anali pafupi, mwezi umene achinyamata okwanitsa zaka makumi awiri amakasonkhana kuholo ya tauni atatchena. Chaka chimenecho pakati pawo panali Mahiro, mdzukulu mmodzi yekhayo wa a Tomie. Kimono inalipo kale, yofiira ya manja aatali, yomwe ija anavala mayi ake a Mahiro panthawi yawo. Chimene chinkafunika ndi manja omanga obi, lamba wansalu yolemera wa mamita anayi amene amazungulira thupi kawiri n'kumangidwa mfundo yaikulu kumsana, chakumwamba. Tsono Mahiro anatengera kutalika kwa bambo ake, pamene agogo akewo m'basi ankachita kusakasaka chogwirira chakumunsi. Kuti amange mfundoyo, mkono unayenera kukwera ndithu, n'kukokanso mwamphamvu uli m'mwamba momwemo.

Pasalunipo panali mwambo wake. Mtsikana akatha kuvekedwa ankajambulidwa atapereka msana, ataima ndi amene wamumangira obi, ndipo chithunzicho chinkakhomedwa pakhoma. Cha mayi ake a Mahiro chinali pamzere wam'mwamba, a Tomie ataima pambali tsitsi lidakali bii. Pafupi nacho panali kampata. A Tomie anakhala akukalondera kwa zaka zitatu, ndipo aliyense woyandikirapo ndi chithunzi m'manja ankabwezedwa ndi diso lokha.

Chaka chapitacho obi ya mtsikana wina inamasuka m'holo anthu akuona, chifukwa amene anaimanga anali ndi dzanja lodwala koma osanena. Choncho a Oguri anaika lamulo: wodwala phewa abweretse pepala la kuchipatala losonyeza kuti mkono ukukwera kufika 120, apo ayi adzaime kutsogolo kwa mtsikana n'kumagwirira zingwe ngati wophunzira. Kumene anaitola nambala imeneyo palibe akudziwa. Koma odwala phewa pasalunipo anali awiri, ndipo nkhani inagona pamenepo.

Winayo anali a Sumako Nishiwaki. Anabwera zaka makumi awiri zapitazo asakudziwa ngakhale kupinda kimono, ndipo anawaphunzitsa ndi a Tomie omwewa, kuwagwira zala. Koma tsopano makasitomala akaimba foni ankafunsa kuti, "A Nishiwaki alipo?" Anthu akatuluka a Tomie ankawerenga zithunzi za pakhoma zija, ndipo ankadziwa kuti kwa zaka zisanu zotsatizana za a Sumako ndi zimene zinkachuluka. Ndiye ngati zimenezo sizinakwane, a Sumako anadwalanso phewa, lakumanja lomwelo, n'kupita kwa a Hoshina omwewo. Ngakhale matenda, munthu osakhala nawo yekha!

Chapakati pa Novembala a Sumako anafika ndi timabanzi ta nyemba zotsekemera, n'kuyala pepala patebulo ngati munthu wodzapepesa.

"125!" anakuwa a Oguri. "Mwachiratu inu!"

"Ndi mwayi chabe," anatero a Sumako, kenako anatembenukira kwa a Tomie. "Nanga inu aphunzitsi, mwafika pati?"

"Ine sindiyenda ndi manambala pakamwa."

Kabanzi sikanawakomere. Dzina la aphunzitsi limeneli linkawabaya kuposa chitonzo, chifukwa a Sumako ankalitchula ndi ulemu weniweni, moti munthu unkasowa pogwira kuti uwakwiyire.

Tisabise, inali nsanje, yeniyeni yosagonetsa tulo ija. Munthu amene anayamba kudwala mochedwa ndi mwezi wathunthu angawapitirire bwanji? Anaganiza kuti mwina timabanzi tija timafikanso kwa a Hoshina. Anaganiza kuti mwina a Hoshina amakankhirako mkono wa mnzawoyo ndi chala. Lachisanu lina madzulo anabwerera kuchipatala, ati kukafuna sikafu imene anaiiwala, sikafuyo ili phee m'chikwama. Anakhala pabenchi kuseri kwa mphika wa maluwa. Itatsala pang'ono 4 koloko a Sumako analowa, masaya ali psuu, tsitsi lonyowa, kathaulo ndi kabeseni m'manja. Ankachokera tsidya la msewu, kunyumba yosambiramo madzi otentha a pakasupe.

Mawa lake a Tomie anadziyesa okha. Atangodzuka anakweza mkono kuti atenge chitini cha tiyi pashelefu yam'mwamba, koma zala zinathera kunsi kwa shelefuyo. Madzulo, ataweruka, anapita kukadziviika m'madzi otentha aja mpaka zala kuchita makwinya, ndipo atafika kunyumba anatsitsa chitinicho ngati masewera. Anakhala pansi, chitini pamiyendo. Ndiye kuti miyezi yonseyi a Hoshina ankawabera!

Lachiwiri sanadikire ngakhale kuvula jasi.

"Adokotala, mwandibera madigiri makumi awiri."

"Ndawabisa kuti, mayi?"

"Musandiseke. Ena mumawayeza madzulo atafewa ngati mbatata yophika, ine mumandiyeza m'mawa ndili gwa ngati chikuni. Ndiye muziti wina akuchira, wina sakuchira?"

"Za odwala ena sindinganene," anatero a Hoshina ataika kalula kaja pansi. "Koma za phewa mwanena zoona. Usiku wonse limagona osagwedezeka, ndiye limadzuka louma, makamaka kukazizira. Likagwirako ntchito n'kutenthedwa limamasuka. Munthu mmodzi yemweyo ali ndi nambala ya m'mawa ndi nambala ya madzulo. N'chifukwa chake ndimakuyezani ola limodzimodzi nthawi zonse, kuti nambala ikasintha ndidziwe kuti lasintha ndi phewa, osati wotchi."

"Nanga bwanji ineyo munandipatsa ola loipalo?"

"Munandiuza nokha tsiku loyamba. Munati patsiku la mwambo mumayamba kumanga obi kusanache. Phewa limene mudzapite nalo kumeneko ndi la m'mawa, ndiye ndi limene tikulimbana nalo. Mwaiwala kuti mu Seputembala munali pa 80? Tatsala ndi milungu isanu ndi iwiri. Ndakonza zoti tiyambe..."

"Ine ndikufuna madzulo."

"Madzulo malo ndi odzaza."

"Nanga akapezeka?"

A Hoshina anatola kalula kaja. "Thupi ndi lanu, mayi. Koma ola ndidzalilemba pambali pa nambala."

Malowo a Tomie anawapeza tsiku lomwelo, ndipo anawapeza kwa mwini wake. Anadandaulira a Sumako kuti mphepo ya kumapiri ikuwapweteka mawondo akamadikira basi m'mawa, mawondo amene moyo wawo wonse sanawavutepo.

"Aa, aphunzitsi, bwanji osanena kale? Tengani nthawi yangayo, ine nditenga yanu. Ndimadzuka msanga kale ine."

A Tomie anathokoza mowerama bwinobwino. Mumtima ankati, kalaweni m'mawa inunso, tione ngati 125 uja akakuperekezeni.

Ulendo woyamba wa madzulo anapeza 115. Mlungu wotsatira, atakhalitsa m'madzi mpaka mutu kuchita chizungulire, anapeza 120. A Hoshina analemba nambalayo, ndipo kumunsi kwake anawonjezera kuti: 4:10 madzulo, atangochoka m'madzi otentha. A Tomie analipinda pepalalo bwinobwino chakumunsi, monga munthu wodziwa kupinda, n'kukalionetsa kwa a Oguri chala chili pamphepete. A Oguri, foni kukhutu, anangoponyapo diso.

"Zatheka! Mahiro ndi wanu. Koma mukudziwa kale, ana a ogwira ntchito pano amayamba ndiwo, maola abwino ndi a makasitomala. Hafu pasiti folo m'bandakucha."

"Ndikudziwa," anatero a Tomie. Lamulo limenelo analiyambitsa ndi iwo omwe kalekale.

Patapita masiku awiri a Sumako anabweranso ndi pepala, ulendo uno akuseka okha.

"Taonani manyazi anga, anthuni! 95! Kani pepala langa lija linali la madzulo. M'mawa mkonowu ndi wa nkhalamba yeniyeni. A Oguri, mundiike kutsogolo, ndingakuchititseni manyazi m'holo."

A Oguri anafufuta dzina pandondomeko n'kulilemba pena. A Sumako adzagwirira zingwe kutsogolo, a Tomie akumanga kumbuyo, monga zinalili zaka makumi awiri zapitazo. Tsiku limenelo a Tomie anadya timabanzi tiwiri, ndipo tinawakomera kwambiri.

Disembala anayenda bwino, mwa kuona kwawo. Ankasamba, kuwoloka msewu, kuyezedwa: 120, kenako 125. Zolimbitsa phewa zimene a Hoshina anawapatsa kuti azichita m'mawa anazisiya, chifukwa zinkapweteka, komanso zinkawakumbutsa nambala imene sankafuna kuikumbuka. Chitini cha tiyi anachisamutsira pashelefu yam'munsi. A Hoshina sankatopa kufunsa.

"M'mawa likumadzuka bwanji?"

"Bwinobwino."

"Mubwereko tsiku limodzi m'mawa, ndidzangoyeza basi. Mphindi zisanu."

"Ndatanganidwa, adokotala. Mwezi uno ndi wa ntchito."

A Sumako nawo tsiku lililonse ankasimba zawo, mpaka anthu kutopa nazo. Ati a Hoshina awauza kuti azidzuka 4 koloko kuti thupi lizolowere. Ati asanatsike pabedi azigwedeza mkono, kenako aziwerama atagwira simbi n'kumaigwedeza uku ndi uku ngati belu, kenako zala zizikwera khoma ngati buluzi. Ati azimata tizigamba totenthetsa thupi paphewa, m'kati mwa malaya. "Ndafika 105, aphunzitsi." Mlungu wina, "110, aphunzitsi!" A Tomie ankagwedeza mutu mwachifundo, poti timanambala timeneto iwo anatidutsa kale. Ankadziwa bwino ola limene 110 ameneyo ankayezedwa, koma sankafuna kuliganizira.

Patsiku la mwambo anadzuka msanga n'kusamba madzi otentha kunyumba, poti sanali opusa ayi. Koma kuchoka pakhomo kukafika kusaluni ndi mphindi khumi, ndipo mphepo ya kumapiri inali itadzuka iwo asanadzuke. M'saluni mbaula zinali zisanatenthe. Tsitsi la Mahiro linatenga mphindi makumi anayi, iwo atangokhala pampando manja pamiyendo. Pamene mtsikanayo ankaima pamphasa, akuyasamula, phewa linali litabwerera kwawo.

Poyamba zinayenda. Malaya am'kati, timathaulo towongola chiuno, zingwe za m'chiuno, zonsezi ndi ntchito ya m'munsi, ndipo zala za a Tomie zinkaidziwa ngakhale maso ali otseka. Kimono yofiira inagwa bwino, m'mphepete mwake mukungokhudza pansi. A Sumako kutsogolo ankapereka chingwe chilichonse asanapemphedwe. Kenako anabweretsa obi. A Tomie anaizunguliza kamodzi, kawiri, n'kugwira nsonga kuti aikweze pamwamba pa phewa la Mahiro ndi kukoka.

Mkono unakwera, n'kuima.

Anaukakamiza. Ululu unalasa ngati singano kuchokera paphewa kukafika m'chigongono, zala zinatseguka zokha, ndipo obi inatsetsereka.

"Agogo, yakhwefuka," anatero Mahiro.

"Ima bwino iwe, usagwedezeke."

"Sindinagwedezeke, agogo."

Anayambiranso. Ulendo uno anaima chonyang'ama ndi zala za kumapazi, mano ataluma, n'kukoka ndi thupi lonse. Kamawu kanawatuluka kosafuna, ngati ka mwana wagalu wopondedwa. Nsonga ya obi inali pansi.

A Oguri anafika ndondomeko ili m'manja. Atsikana makumi atatu ankayenera kudutsa pamphasa zitatu nthawi ya mwambo isanakwane, ndipo wachiwiri anali atakhala kale pakhomo ndi mayi ake.

"A Tomie, 120 uja ali kuti?"

A Tomie anayang'ana pansi. Bodza linali lisanawavutepo chonchi.

"Ndi wa madzulo," anatero.

A Oguri anayang'ana wotchi. Panalibe nthawi yokalipa. Anayang'ana pamphasa zinazo, koma onse omanga anali ndi atsikana awo m'manja.

"Ine ndingathe," anatero a Sumako motsitsa mawu. Anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. "Lachisanu ndinafika 120. Ola lake ndi limenelo, 8:40. Ndipo lero ndadzuka ndi simbi yanga, tizigamba tili m'katimu."

"Nanga osandionetsa bwanji?"

"Mukanandichotsa pano. Ndinafuna ndikhale pafupi ndi aphunzitsi."

Apa ndi pamene a Tomie anazindikira. Ndiye kuti a Sumako ankadziwa. Munthu amene anakhalapo ndi pepala la madzulo akanalephera bwanji kudziwa mtengo wake? Milungu yonseyi ankawamvera chisoni mwakachetechete, n'kumadzuka 4 koloko kukonzekera tsiku lino. Ndipo ola la 8:40 limenelo, ndi simbi yake, ndi khoma lake, zonse zimene a Hoshina ankafuna kunena tsiku lija asanadulidwe pakamwa, zinali zawo a Tomie. Anazipereka okha, mowerama, n'kuthokozanso.

"Sinthanani," anatero a Oguri. "Msanga."

A Tomie anazungulira n'kukaima kutsogolo. Nkhope yawo inathera pachifuwa cha Mahiro. Anagwira zingwe, ntchito imene anaisiya mayi ake a mtsikanayu adakali mwana.

"Timange mfundo iti, mwanawe?" anafunsa a Sumako kumbuyo.

Mahiro anayang'ana agogo ake kaye. "Ngati ya amayi ija. Ya pachithunzi."

"Ndikuidziwa. Ndinaiphunzira kwa eni ake."

Mfundo imeneyo anaipeka ndi a Tomie, ya mapiko atatu mbali imodzi ndi duwa lopendekeka pamwamba. Sankaiona, koma ankaimva m'zingwe zimene anagwira. Kukoka koyamba kunabwera kolimba, Mahiro mpaka anati "mayo". Kenako kupinda, kupinda, kupinda, kasanu, monga momwe iwo ankachitira. Ankadikira kuti pena pakodwe, mkono wa mnzawo uimenso, amvenso kamawu kaja kuchokera kumbuyo. Ankafunitsitsa, ngakhale kuti msana umene ukanavutika unali wa mdzukulu wawo. Panalibe chinakodwa.

"Agogo," ananong'ona Mahiro, "likupweteka kwambiri?"

"Pumira m'kati, akukoka."

Zitatha, a Sumako anabwerera m'mbuyo, akupukuta thukuta pamphumi. "Tandionerani, aphunzitsi."

A Tomie anazungulira. Anayamba kumanzere, kufunafuna phiko lalifupi. Anayang'ana kunsi ngati chingwe chikuonekera. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, anapendeketsa mutu, anayandikiranso. Zaka 41 zinawaphunzitsa kupeza cholakwa pa obi iliyonse, ngakhale yawo yomwe. Apa anasowa. Duwa lija linakhalanso bwino kuposa la pachithunzi, ndipo zimenezi anaziona iwo okha.

"Yakhala," anatero.

A Oguri anali atatulutsa kale kamera. A Sumako anapatuka mofulumira. "Aime aphunzitsi. Ntchito yonse agwira ndi iwo, ine ndangomalizitsa."

"Amaima ndi amene wamanga," anatero a Tomie. Mawu anatuluka ouma kuposa phewa. Chifundo cha a Sumako anali atachidya chokwanira tsiku limenelo. "Imani, nthawi ikutha. Mahiro, wongola khosi."

Tsiku lonselo anagwirira zingwe. Atsikana khumi anadutsa pamphasa yawo, ndipo obi zonse khumi anamanga a Sumako. A Tomie anaziwerenga, poti kuwerenga sakanaleka.

Zithunzi zinabwera patapita mlungu. A Oguri anakhoma zonse n'kusiya chimodzi patebulo, ndipo onse anapeza zochita kuchipinda chakumbuyo. A Tomie anachitola. Mahiro anali atapereka msana, atacheuka pang'ono, akuseka ndendende ngati mayi ake. Pambali pake panali a Sumako, manja atawaphatikiza kutsogolo, nkhope ya munthu wodzapepesa ija.

Anaganiza zochikhoma pakona, kuseri kwa kalendala. Koma Mahiro akanadzachifuna pafupi ndi cha mayi ake. Anatenga kamsomali, anapita pakampata kam'mwamba kaja kamene anakalondera zaka zitatu, n'kukweza dzanja. Inali 4 koloko madzulo, ndipo mkono unafika bwinobwino.